Kuchoka pa Chisi kupita ku Kachulu: mmene mungawolokere nyanja ya Chilwa pa boti

Mlamu wanga wa ku Chinamwali atabwera kudzationa pa chilumba cha Chisi ulendo woyamba, usiku woti mawa abwerera anatulutsa foni n'kundifunsa kuti, "Alamu, kodi boti la ku Kachulu limanyamuka nthawi yanji?" Ankafuna kuti foniyo imudzutse pa nthawi yake. Mayi anga, omwe ankasola matemba pakhonde, anayankha osadzutsa n'komwe mutu: "Limanyamuka likadzaza, bambo. Likadzazanso limayamba lafunsa mphepo."

Ndalemba izi poganizira anthu ngati mlamu wangayo: aphunzitsi amene angotumizidwa kumene pachilumbapa, obwera kumaliro kapena ku chinkhoswe, ogula nsomba amene akuyamba kumene geni. Kubwera kuno ambiri amachita kuperekezedwa. Vuto limakhala pobwerera, munthu ali yekha, pomwe akufuna awolokere ku Kachulu, doko la kumtunda, kuti akafike m'tauni ya Zomba maofesi asanatseke.

Madzulo a tsiku loti mawa ulendo

Ulendo wa pa boti umayamba dzulo lake, ndipo umayamba ndi kufunsa. Pitani kwa munthu wa m'mudzi momwe mwagonamo, makamaka msodzi kapena mayi wa geni ya nsomba, mumufunse zinthu zitatu: mawa kuli boti lopita kumtunda, likanyamukira pati, nanga nyanja ikuoneka bwanji masiku ano. Musadalire zimene munaona pobwera mwezi watha.

Chifukwa chake n'chakuti Chilwa si nyanja yokhazikika. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi mitsinje ina imangothiramo, ndipo madziwo amachoka ndi dzuwa basi. N'chifukwa chake ali amchere pang'ono, ndipo n'chifukwa chakenso nyanjayi imakula ndi kuchepa malinga ndi mvula ya chaka chimenecho. Ndi yosaya kwambiri, moti malo ambiri nsungwi yaitali imagunda pansi. Mu 1968 inauma, mu 1995 inaumanso, ndipo mu 2018 tinaona ndi maso athu maboti atagona chammbali pa matope ong'aluka ku Kachulu. Kenako mvula ikabwera yambiri, monga mmene zinalili ndi namondwe wa Freddy mu 2023, madzi amabwerera mpaka kukafika m'malo amene anthu anayamba kudzalamo mpunga. Paja madzi saiwala khwawa. Ndiye doko nalo limayenda. Pamene munakwerera mu Epulo mukhoza kupezapo pouma mu Novembala, boti lili kutali uko, lofunika kuliyendera m'matope.

Za mphepo, dziwani izi. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, wochokera kummwera chakum'mawa, wozizira, ndipo ukalimba umatha masiku angapo osapuma. Nthawi ya dzinja vuto ndi mvula ya mkuntho ndi ziphaliwali zomwe zimakonda kubwera masana. Nyengo zonsezi, nthawi imene nyanja imakonda kukhala bata ndi mbandakucha mpaka dzuwa litakwera pang'ono. Choncho ngati muli ndi chochita ku Zomba chomwe sichingadikire, monga mayeso, mlandu kukhoti kapena tsiku limene adokotala anakupatsani, musawoloke tsiku lomwelo. Wolokani dzulo lake mukagone kumtunda. Anthu ambiri amaona ngati kumeneko n'kuwononga ndalama ya malo ogona, mpaka tsiku limene adzakhale padoko kuyang'ana mafunde nthawi ya mayeso ikudutsa.

Mukamva za boti, muuzeni mwini wake kapena mnyamata wake kuti mawa mulipo, ndipo mutchule katundu amene muli naye. Thumba la mpunga kapena njinga si zinthu zongotulukira nazo m'mawa.

Kumanga katundu

Chilichonse chimene mwanyamula muchione ngati chinyowa. Ngakhale tsiku la bata, pansi pa boti lamatabwa pamakhala madzi, ndipo mafunde akamamenya kutsogolo amawaza onse okhala chakumeneko.

Foni, chiphaso cha unzika, kabuku ka kuchipatala, makalata a sukulu ndi ndalama zikulungeni m'majumbo awiri, lina mkati mwa linzake, mumange pakamwa. Kaphukusi kameneka kasalowe m'chikwama chachikulu chomwe chikaponyedwe pansi pa matumba a anthu ena. Kakhale pathupi panu. Amayi akuno amakamangirira pa nsonga ya chitenje cham'kati, ndipo sindinaonepo njira yoposa imeneyo. Ufa, shuga ndi mchere zikhale m'ndowa yotseka. Nsomba zouma, kaya matemba kaya milamba yowamba, ziphimbeni ndi pulasitiki pamwamba ndi pansi pomwe, chifukwa zikangonyowa pang'ono ogula ku Kachulu amanunkhiza kamodzi n'kudula mtengo pakati.

Valani nsapato zovula msanga, patapata kapena zapulasitiki. Nsapato za ku ofesi ziyende m'jumbo, mukavalire kutsidya. Nthawi ya mwera tengani juzi ngakhale kumtunda kukuoneka kofunda, pakuti kuzizira kwa pamadzi m'mawa kumalowa mpaka m'mafupa. Nthawi yotentha tengani chipewa kapena chitenje chofunda kumutu, m'boti mulibe mthunzi.

Madzi akumwa nyamulani anu a pa mjigo kapena othira mankhwala. Musatunge a m'nyanja n'kumwa, ngakhale muone ena akutero. Kolera wavutitsa kangapo konse anthu a m'mbali mwa Chilwa, makamaka asodzi okhala m'zimbowera, timisasa toyandama tomwe amamanga pakati pa njeza (udzu wautali womera m'madzi), chifukwa madzi omwewo ndiwo akumwa, osamba ndi zina zonse. Ndalama ikhale yosinthasintha. Ya pafoni, kaya Airtel Money kaya Mpamba, imathandiza mukafika kumtunda, koma padoko m'mawa netiweki ikhoza kukukanani, ndipo mwini boti alibe nthawi yodikira uthenga kuti ulowe.

Chomaliza, pitani kuchimbudzi musananyamuke, ndipo tiyi wa m'mawa umenewo musamwe makapu atatu. Anthu amaseka ndikanena zimenezi, koma amene anakhalapo maola awiri pakati pa nyanja, apongozi ali pambali, saseka.

Padoko: kusankha boti

Fikani kusanayere bwinobwino. Wofika msanga amasankha pokhala, ndipo amakhala ndi mpata woliona boti lisanadzaze.

Zoyendera zilipo zamitundu itatu. Pali boti lamatabwa la injini, lomwe limathamanga ndipo madzi akakhala okwanira silitha ola. Pali boti lamatabwa lopanda injini, loyendetsedwa ndi anyamata okankha ndi nsungwi zazitali, lotsikirako mtengo koma lotenga nthawi, makamaka likamalimbana ndi mphepo. Ndiye pali bwato wosema, wa asodzi. Bwato usiyireni eni ake. Munthu wosazolowera akangoyetsemula mwamphamvu umapendekeka, ndipo msodzi amene wakuuzani kuti "tiyeni ndikuponyeni" akukuchitirani chifundo chomwe chingakuvuteni nonse awiri.

Musanakwere, imani kaye pambali muyang'ane. Onani mmene boti lakhalira pamadzi. Ngati anthu ndi katundu alowa, ndipo kuchokera pamadzi kufika pamlomo pa boti patsala malo osakwana chikhatho chotambasula, limenelo ladzaza mopitirira, ngakhale mwini wake azikuwabe kuti malo alipo. Suzumirani mkati. Madzi pang'ono pansi si nkhani, boti lililonse lamatabwa limadontha. Koma ngati mnyamata akukapa osapuma boti lisananyamuke n'komwe, dzifunseni kuti pakati pa nyanja adzakapa bwanji. Onaninso ngati muli chokapira, chomwe nthawi zambiri chimakhala chigubu chodula pakati, komanso ngati muli nsungwi ndi nkhafi ngakhale botilo lili la injini. Funsani za mafuta mosachita manyazi: "Achimwene, mafutawo atifikitsa?" Woyendetsa wabwino amakuonetsani chigubu. Amene wakwiya ndi funso limeneli wakuyankhani kale. Mukamva fungo la kachasu pakamwa pa woyendetsa, dikirani lina.

Majekete oyandamitsa munthu pamadzi sapezeka m'maboti onse. Likapezeka valani, mumange zingwe zake, osalisandutsa chokhalira. Akakhala ochepa, ayambe ana ndi amene sadziwa kusambira.

Mtengo mugwirizane muli pamtunda, wa munthu payekha ndi wa katundu payekha. Sindilemba chiwerengero pano chifukwa umasintha mafuta akangokwera, koma njira yodziwira ndi yosavuta: mverani zimene akulipira amayi a madengu, kapena afunseni mwakachetechete. Ngati mukufulumira moti simungadikire kuti lidzaze, mutha kuchita hayala boti lonse, koma dziwani kuti mukulipirira mipando yonse yopanda anthu, ndiponso mafuta obwererera.

Kukwera ndi kukhala

Katundu wolemera amayamba ndiye, ndipo amakhala pansi, pakati. Asiyeni anyamata a boti alongedze okha, amadziwa mmene boti lawo limakhalira. Inu ingoonetsetsani pamene aika wanu, ndi kuti thumba la makala lisatsamire dengu lanu la nsomba.

Polowa, gwirani m'mphepete ndi manja onse awiri, pondani pakati, weramani, khalani pansi msanga. Munthu mmodzi pa nthawi. Akakuuzani kuti "mayi, sunthirani uko," sunthani osafunsa chifukwa, akulinganiza kulemera kwa mbali ziwirizi. Kutsogolo kumanyowetsa, kumbuyo kuli phokoso ndi utsi wa injini. Amene amachita chizungulire akhale pakati, aziyang'ana kutali ku phiri osati pamadzi apafupi.

Mwana wakhanda mumasuleni kumsana, mumufungate kutsogolo. Ana okulirapo akhale pansi pakati pa miyendo ya akuluakulu, osati pamphepete pomwe angamaseweretse manja m'madzi. Okalamba ndi odwala alowe boti litakhazikika kale ndi katundu, ndipo wina akhale nawo pafupi.

Pamadzi

Poyamba boti limadutsa m'tinjira ta pakati pa njeza ndi mabango. Apa woyendetsa amapita pang'onopang'ono, nthawi zina amadzutsa injini kuti udzu usakole chopalasira chake, anyamata n'kumakankha ndi nsungwi. Manja anu akhale mkati, masamba a bango amacheka ngati lezala. Udzudzu wa mmenemu m'mawa ndi wosayamba.

Mukatuluka poyera mudzaona chimene chimachititsa alendo kutulutsa mafoni: phiri la Zomba lili tantha kumadzulo, Chikala chakumpoto kwake, kukakhala kopanda nkhungu Mulanje kummwera, akakowa ndi mbalame zina zili yakaliyakali pamwamba pa njeza. Jambulani muli chikhalire. Lamulo lalikulu la m'boti ndi limeneli: osaimirira, osasintha malo, ndipo china chikachitika mbali imodzi, nonse musathamangire kukaona.

Anthu amanyozera Chilwa chifukwa ndi yosaya. Amati ukagwamo ungoimirira. Amene amanena zimenezi sanapondepo pansi pake. Pansi pa nyanjayi ndi thope lofewa lomwe limameza mwendo mpaka m'bondo n'kuugwira, ndipo malo ena madzi amapitirirabe msinkhu wa munthu. Kusaya komweko ndiko kumapangitsa mafunde ake kukhala aafupiafupi, obwera motsatizana, osapatsa boti mpata wokwera limodzi lisanafike linzake.

Ndinaziona chaka china mu Julayi. Tinanyamuka mochedwa chifukwa mwini boti ankadikira matumba a munthu wina, ndipo pomwe tinkatuluka m'njeza n'kuti mwera utayamba kale kupesa madzi. Bambo wina wachikulire anati, "Ana inu, tibwerere, nyanja yadzuka iyi." Anyamata anamuseka. Tili pakati injini inatsokomola kawiri n'kuzima. Boti linatembenuka n'kupereka nthiti ku mafunde, madzi ofiirira n'kuyamba kulowa pamwamba. Mtsikana wina anaimirira akukuwa, ndipo mayi amene anali naye pafupi anamukoka chitenje n'kumukhazika pansi mwamphamvu, amvekere, "Khala pansi iwe, ufuna utiphe tonse?" Chokapira chinalipo chimodzi. Ena tinkakapa ndi mbale, wina ndi chipewa. Chimene chinatipulumutsa ndi nsungwi ziwiri zomwe zinali m'mbali: anyamata anazizika m'thope n'kulozetsa mutu wa boti kumene kunkachokera mafunde, kenako anatikankha pang'onopang'ono mpaka kukabisala m'njeza. Tinakhala mmenemo mpaka dzuwa kupendeka. Matumba awiri a munthu uja tinawaponya m'madzi, ndipo mwini wake sanatsutse. Bambo wachikulire uja sananenenso kanthu ulendo wonse wotsalawo, ankangofinya chipewa chake.

Ndiye zikakuchitikirani, chitani zomwezo. Khalani pansi penipeni, kapani ndi chilichonse chimene chili m'manja, mverani munthu mmodzi yekha, woyendetsa. Akati katundu atayidwe, atayidwe. Boti likagubuduzika musalisiye n'kuyamba kusambira kulowera kumtunda, kumaoneka pafupi koma n'kutali. Boti lamatabwa nthawi zambiri silimira lonse, gwiritsitsani pomwepo. Chigubu chopanda kanthu chotseka bwino chimayandamitsa munthu, mukachiona chikumbatireni pachifuwa. Ndipo woyendetsa akanena muli padoko kuti lero sitiwoloka, musamukakamize pomuwonjezera ndalama. Iyenso akuifuna ndalamayo kuposa inu, ndiye akaikana pali chimene waona.

Kufika ku Kachulu

Mudzadziwa kuti mwayandikira ndi fungo la utsi wowambira nsomba komanso phokoso la anthu. Musayambe kutolera zikwama boti lisanaime. Dikirani ligunde, anyamata atsike aligwire, kenako muzitsika mmodzimmodzi, oyandikira kutsogolo poyamba.

Madzi akachepa boti limaima patali, ndipo mtunda wotsalawo ndi wa miyendo. Pindani buluku kapena kwezani chitenje, vulani patapata muzigwire m'manja chifukwa thope limazilanda, ndipo pondani mmene akuponda amene ali patsogolo panu. Pamapezeka anyamata onyamula katundu, ena amabereka ndi anthu omwe. Gwirizanani mtengo asananyamule, ndipo katundu wanu asapite ndi anthu awiri osiyana pomwe maso anu ali amodzi. Mukafika pouma sambani miyendo ndi madzi a pa mjigo n'kupukuta. Madzi odekha a m'mbali mwa nyanja ndiwo amakhala ndi nkhono zofalitsa likodzo, choncho ngati mumawoloka kawirikawiri ndipo tsiku lina mwaona magazi m'mikodzo, pitani kuchipatala, mankhwala ake alipo.

Werengani katundu wanu pomwepo, boti lisanabwerere. Kenako, musanachoke padoko, funsani funso limene ambiri amaliiwala: boti lomaliza lobwerera ku Chisi linyamuka nthawi yanji, ndipo mawa lilipo? Tengani nambala ya foni ya woyendetsa kapena ya mnyamata wake.

Kuchoka ku Kachulu kukafika m'tauni ya Zomba ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 30, kudutsa m'dera la Mfumu Mwambo n'kukatulukira cha ku Matawale. Pali matola, omwe nawonso amanyamuka akadzaza, ndipo m'mawa amadzaza msanga chifukwa cha a geni ya nsomba othamangira msika. Apanso wofika ndi boti loyamba ndiye amapindula. Pali njinga zamoto za kabaza kwa amene alibe katundu wambiri ndipo akufulumira. Nthawi ya dzinja msewu umaterera, ndiye muwonjezere nthawi pa zimene mwawerengera. Mu galimoto yonyamula nsomba, chikwama cha zovala chikhale pamiyendo panu, apo ayi mukafika ku ofesi kuja anthu adzadziwa kumene mwachokera musanapereke moni.

Mukakhala ndi wodwala kapena mayi woyembekezera

Apa ndiye pamafunika kuchita zinthu nthawi isanakwane. Mayi woyembekezera amene a chipatala amuuza kuti akachirire ku chipatala chachikulu cha Zomba Central asadikire kuti matenda ayambe. Awoloke masiku akadalipo, akadikirire kumtunda. Usiku boti limavuta kupeza, la hayala limadula, ndipo woyendetsa sangaone tinjira ta m'njeza bwinobwino ndi tochi ya pafoni. Banja lililonse la pachilumba likhale ndi nambala za eni maboti a injini osachepera awiri, ndi kandalama ka mafuta kosungidwa padera komwe sikakhudzidwa ngakhale ndiwo zitasowa.

Wodwala mugonekeni pa mphasa kapena matiresi pakati pa boti, pamwamba pa matabwa kuti asanyowe, mumufunditse. Kalata yotumizira wodwala imene a chipatala alemba ikhale m'kaphukusi ka majumbo awiri kaja. Imbirani galimoto kapena wa njinga yamoto wa ku Kachulu musananyamuke pa Chisi, kuti pofika mumupeze akudikira.

Pobwerera

Zogula za m'tauni muzimalize dzuwa lili pamutu. Mukachoka mu Zomba mochedwa mukafika ku Kachulu nyanja itadzuka kapena mdima utagwa, ndipo padzapezeka munthu wokuuzani kuti akhoza kukuwolotsani usiku womwewo mukawonjezera pang'ono. Mukaneni mwaulemu. Ku Kachulu kuli malo ogona otsika mtengo, ndipo pafupifupi aliyense wa pa Chisi ali ndi mbale kapena mnzake kumeneko. Imbani kunyumba muwauze kuti mwagona kutsidya, sungani shuga ndi ufa wanu pouma, ndipo muuze mnyamata wa boti kuti akugogodereni akamatsikira kudoko m'mawa.